Mayi ali pa WhatsApp usana ndi usiku, koma akuti alibe munthu

"Zikomo, ndithandizeni maganizo. Mayi anga ali ndi zaka 72, bambo anatisiya zaka ziwiri zapitazo ndipo mayi amakhala okha poti ana tonse anayi tili kutali ndi ntchito komanso mabanja athu. Tinasonkherana nkuwagulira foni yabwino, mdzukulu wawo anawaikira WhatsApp ndi Facebook kuti asamasungulumwe. Poyamba zinali bwinobwino. Koma pano amangokhala pa foni, ndikadzuka 2 koloko usiku ndimawaona ali online. Pa gulupu ya banja amatumiza mavidiyo ndi mameseji ofowada mwina 20 pa tsiku ndipo palibe amayankha, ine ndi amene ndimangoikapo kachala. Anasiyanso kuyendera anzawo omwe ankacheza nawo kale. Sabata yatha anandiuza kuti 'ine ndilibe munthu', mawu amenewa akundisowetsa tulo. Achimwene akuti tiwalande foniyo chifukwa ndi imene yawaononga. Kodi nzoona kuti vuto ndi foni? Titani?"

Achemwali, pepani ndi zimene mukudutsamo, komanso pepani chifukwa cha imfa ya bambo. Ndiyambe ndi kukuuzani kuti simunalakwe kuwagulira foni, ndipo simunachedwe. Ndagwira ntchito ndi anthu achikulire ndi mabanja awo kwa zaka zambiri ndithu, ndipo makolo amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi aja amangoti "ndili bwino mwanawe, usadandaule" chaka chonse mpaka tsiku lomwe mudzawapeze ataonda. Mayi anu alankhula. Munthu wamkulu kuti afike potulutsa mawu oti ndilibe munthu pamaso pa mwana wake ndiye kuti wawasunga mumtima nthawi yaitali, ndipo wasankha amene akumukhulupirira kuti amva. Asankha inu.

Ndiye za kulanda foni, ayi chonde musatero. Ndibwereranso pa nkhani ya achimwene kumapeto, koma dziwani kaye kuti pakali pano foniyo ndi chingwe chokhacho chomwe chatsala pakati pa mayi ndi dziko lakunja. Chingwecho nchowonda, nzoona, sichikuwakwanira, koma mukachidula musanamange china ndiye kuti mwawatsekera m'nyumba muja okhaokha ndi chete.

Pali zinthu ziwiri zomwe anthu timaziphatikiza koma ndi zosiyana. China ndi kukhala wopanda anthu okuzungulira, zomwe titha kuwerenga ndi zala: sabata ino mwaonana ndi anthu angati maso ndi maso, mwalankhula ndi angati, mutadwala usiku angabwere ndani. Chinacho ndi kusungulumwa, komwe kumakhala mumtima, kumva kuti anthu omwe ndili nawo sakufika pomwe ndikufuna. Munthu atha kukhala yekha m'nyumba koma osasungulumwa olo pang'ono, wina atha kukhala pakati pa zidzukulu khumi zaphokoso koma mtima uli wokhawokha. Katswiri wina wa ku America, Robert Weiss, kalekale mu 1973 anagawanso kusungulumwako pawiri, kusowa gulu la anthu ocheza nawo ndi kusowa munthu mmodzi uja wapamtima. Mukawerenganso kalata yanu muona kuti mayi zawagwera zonse. Anzawo anasiya kuwayendera, ndiye gulu palibe. Ndipo munthu amene ankamuuza tizinthu tating'onoting'ono ta tsiku ndi tsiku, zoti bondo lero likupweteka, zoti ndalota zakutizakuti, anapita zaka ziwiri zapitazo. Gulupu ya WhatsApp olo itakhala ndi anthu 50 singalowe m'malo mwa munthu ameneyo. Akamati ndilibe munthu sakunena kuti ana anga kulibe, akunena mpando uja uli wopanda munthu madzulo.

Mwachita bwino kusazitenga mopepuka chifukwa nkhani imeneyi imakhudza thupi lenilenilo. Mu 2010 Julianne Holt-Lunstad ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku 148 wokhudza anthu oposa 300,000, ndipo anapeza kuti anthu okhala ndi ubale wolimba ndi anzawo anali ndi mwayi wochulukirapo ndi 50 peresenti wokhala adakali moyo pa nthawi yomwe ankawatsatira, poyerekeza ndi omwe ubale wawo unali wofooka. Lipoti la National Academies ku America la mu 2020 linati kukhala wopanda anthu kumayenderana ndi kukwera kwa chiopsezo cha matenda oiwalaiwala aja a dimenshiya ndi pafupifupi 50 peresenti, matenda a mtima ndi 29 peresenti, sitiroko ndi 32 peresenti. Nchifukwa chake dziko la Britain linasankha nduna yoona za kusungulumwa mu 2018, Japan nayo mu 2021, ndipo bungwe la WHO linakhazikitsa komishoni yake pa nkhaniyi mu 2023. Sindikunena izi kuti ndikuopsezeni, manambalawa akunena za magulu aakulu a anthu pa zaka zambiri, sakulosera za mayi anu. Ndikungofuna kuti wina pabanjapo akamati "aaa ndi ukalamba chabe umenewo" mudziwe kuti si choncho.

Tsopano funso lanu lenileni, kodi foni ndi imene yawapangitsa?

Mmene ndaonera ine, foni payokha simatenda komanso simankhwala. Zimatengera chomwe munthu akuchita nayo. Pali kugwiritsa ntchito foni komwe mbali inayo kuli munthu wokudziwa amene akukuyankha iweyo, ndipo pali kumangotsetsereza chala pa sikirini kuonera miyoyo ya anthu ena ikudutsa. Ofufuza anazionapo izi pa Facebook, kuti kulandira uthenga wolembedwera iweyo kuchokera kwa munthu wapafupi kumakweza mtima, pomwe malayiki ndi kumangowerenga zolemba za anthu sizisintha kanthu, pena zimautsitsa kumene. Taganizirani mayi wamasiye ali pabedi, akuona zithunzi za anthu ali ndi amuna awo, mabanja ali pamodzi akuseka, anzawo akale atazunguliridwa ndi zidzukulu. Palibe amaposita chithunzi cha tsiku lomwe wakhala yekha osalankhula ndi munthu. Ndiye mayi amaona ngati aliyense ali ndi anthu kupatula iwo.

Kafukufuku amene ndimakonda kuwauza ana a makolo ngati anu ndi wa dokotala Alan Teo wa ku Oregon, wofalitsidwa mu 2019. Anatsatira anthu achikulire oposa 1,400 kwa zaka ziwiri. Omwe ankacheza pa vidiyo, monga pa Skype ndi FaceTime, chiopsezo chawo chodzakhala ndi zizindikiro za dipuleshoni, matenda aja okhumudwa kwambiri kwa nthawi yaitali, chinali pafupifupi theka poyerekeza ndi omwe sankagwiritsa ntchito njira zimenezi. Koma omwe ankangogwiritsa ntchito imelo, mameseji kapena masamba a mchezo ngati Facebook sanasiyane ndi omwe sankagwiritsa ntchito chilichonse. Kafukufuku wotere satsimikiza kuti vidiyoyo ndi imene inawateteza, mwina omwe ankaimba vidiyo anali kale ndi mabanja ogwirizana, ndipo a Cochrane, bungwe lowunika kafukufuku wa zaumoyo, atawunika nkhani yoimbirana pa vidiyo kwa okalamba mu 2020 anati umboni wake ndi wochepa kwambiri. Komabe zikugwirizana ndi zomwe ndimaona m'nyumba za anthu. Nkhope ndi mawu zimafika pomwe zilembo sizifika.

Mameseji 20 aja ndiime nawo pang'ono, chifukwa ndi pomwe pagona nkhani. Inu ana mukamawaona mumati mayi ayambanso zofowada zawo. Ine ndimawawerenga mwina. Ndinakhalapo pafupi ndi agogo ena aakazi m'chipinda chawo chochezera, ndikuonerera mmene amachitira. Anatumiza kavidiyo ka maluwa kolembedwa mmawa wabwino pa gulupu ya ana awo, kenako anaika foni pamwendo, manja onse awiri ali pamwamba pake. Patapita kanthawi anaitembenuza nkuyang'ana, anandionetsa timizere tiwiri tija nkunena kuti "aona, onani asanduka a buluu, aona onse". Anaibwezera pamwendo. Anadikira. Itangolira anaitola mwachangu mpaka magalasi anatsetsereka pamphuno, koma unali uthenga wa kampani ya foni. Atatero anafufuza kavidiyo kena nkutumizanso. Munthu uja sankafuna kuti ana ake aone maluwa ayi. Ankagogoda pachitseko. Meseji yofowada ndi njira yonenera kuti ndilipo, kodi inu mulipo, popanda kuoneka ngati ukuvutitsa ana omwe ali otanganidwa. Ndiye pamene palibe woyankha amagogodanso, nkugogodanso, mpaka kufika 20.

Ndipo apa ndinene chinthu chowawa pang'ono, mundikhululukire. Kawirikawiri foni ikalowa m'nyumba ya kholo, amene amasintha kwambiri ndi anafe. Kale mayi asanakhale pa WhatsApp, pakadutsa masiku atatu osawamva mtima unkagunda, munkaimba. Pano mukangoona kuti ali online kapena atumiza kanthu pa gulupu mtima umakhala pansi, mumati ali moyo, ali bwino, ndiwaimbira weekend. Weekend ikafika kwabwera zina. Tadzifunsani moona mtima inu ndi abale anu, chigulireni foniyo, kuimba kwenikweni kwa mawu kwachuluka kapena kwachepa? Nanga maulendo okawaona? M'mabanja ambiri omwe ndakhala nawo pansi yankho limakhala loti kwachepa, ndipo palibe anachita dala. Foni inapatsa ana mtendere wamumtima womwe kholo silinaulandire.

Koma tisathamangire kunena kuti foni ndiyo inawachotsa kwa anzawo. Nthawi zambiri zimayenda chobwerera, munthu amasiya kutuluka pa chifukwa china ndiye foni imangodzaza mpata womwe watsala. Chifukwa chimenecho ndi chomwe muyenera kuchisaka, ndipo mayi sangakuuzeni okha pokhapokha mutafunsa modekha.

Choyamba chomwe ndimayang'ana ine ndi makutu. Kumva kumachepa pang'onopang'ono moti mwini wake sazindikira, amangoona kuti pagulu anthu akulankhula mong'ung'udza, akuseka iye osadziwa chaseketsa, wafunsa kuti "mwati bwanji" katatu mpaka wachita manyazi, ndiye ulendo wotsatira amangoti ndatopa sindipita. Pa foni zinthu nzolembedwa, palibe chomuchititsa manyazi. Ndikukumbuka abambo ena opuma pa ntchito omwe ana awo anabwera nawo akuti asanduka kapolo wa Facebook ndipo sakufunanso anthu. Ndikulankhula nawo ndinaona kuti akundiyang'ana pakamwa osati m'maso, ndipo akutembenuzira mbali imodzi ya mutu kwa ine. Titawatumiza kokayezetsa anapezeka kuti khutu limodzi latsekeka ndi phula ndipo linalo likufunika kachipangizo kothandiza kumva. Patapita miyezi ingapo anayambiranso kupita kokacheza ndi anzawo, foni ija palibe anawalanda. Komishoni ya magazini ya zachipatala ya Lancet yoona za dimenshiya inaika kusamva bwino ndi kukhala wopanda anthu pa mndandanda wa zinthu zomwe tingazisinthe kuti tichepetse matendawa, ndipo mu 2024 anaonjezerapo vuto la maso losathandizidwa. Ndiye maso nawonso ayezedwe, ng'ala imachotseka.

Pali zinanso zomwe amayi achikulire sanena. Mawondo ndi chiuno, kuopa kugwa panjira makamaka ngati anagwapo kamodzi. Vuto la mkodzo kutuluka wokha akatsokomola kapena akayenda mtunda, limeneli limatsekera amayi ambiri m'nyumba ndipo amafa nalo chamumtima chifukwa cha manyazi, chonsecho chithandizo chilipo. Inu monga mwana wamkazi mutha kufunsa zimenezi muli awiri. Pena ndi mano, munthu safuna kuseka pagulu. Penanso ndi umasiye weniweniwo, anzawo aja ankacheza nawo limodzi ndi bambo monga mabanja, pano akapita amadziona ngati otsalira, kapena anzawowo ndi amene anayamba kutalikira posadziwa chonena kwa munthu woferedwa.

Ndipo kusungulumwa kukakhalitsa kumadzidyetsa kokha. John Cacioppo wa pa yunivesite ya Chicago, yemwe anathera zaka zambiri pa nkhani imeneyi, ankakufanizira ndi njala kapena ludzu, chizindikiro cha thupi chokuuza kuti pita ukapeze anthu. Koma anaonetsanso kuti munthu akakhala nako nthawi yaitali ubongo umayamba kukhala tcheru kufunafuna zizindikiro zoti akukanidwa. Mnzake akachedwa kuyankha meseji amati wandida. Akadutsa osapereka moni chifukwa sanamuone amati akundinyoza. Ndiye amabwerera m'mbuyo kuti asapwetekedwe, anthu nawo amati safuna kucheza, mpata nkumakula. Pa WhatsApp zimenezi zimakula msanga chifukwa chilichonse chimaoneka, wawerenga nthawi yakuti, ali online koma sakundiyankha, waposita sitetasi koma meseji yanga wangoidutsa. Mukadzaona mayi akukwiya ndi tinthu tating'ono kapena kukana mukawauza kuti akaone anzawo, musawatenge ngati ovuta. Ndi bala limenelo.

Za 2 koloko usiku zija. Tulo ta anthu achikulire timakhala topepuka kale, amadzuka pafupipafupi, ndipo usiku ndi nthawi imene malo a bambo pabedi amaonekera kwambiri kuti ndi opanda munthu. Amatola foni kuthawa maganizo. Vuto ndi loti mavidiyo a pa Facebook ndi TikTok anapangidwa kuti asathe, ina ikatha ina yayamba yokha, ndiye ola limodzi limasanduka atatu, kukacha thupi lili lolemera, mphamvu zotulukira panja palibe, masana agona, usiku tulo osabwera. Koma kudzuka m'bandakucha nkulephera kugonanso ndi chizindikironso chodziwika cha dipuleshoni, choncho musangochiona ngati khalidwe loipa la foni.

Kuopsa kwina komwe sindingakusiye osakutchula ndi akathyali a pa intaneti. Amasaka dala anthu amasiye ndi osungulumwa. Amayamba ndi friend request, chithunzi cha bambo wooneka waulemu, amati naye mkazi wake anamwalira, amatumiza moni mmawa uliwonse, amafunsa kuti mwadzuka bwanji, mwamwa mankhwala? Zomwe ana sakufunsa zija. Pakatha masabata kapena miyezi ndiye pamabwera vuto ladzidzidzi lofuna ndalama, kapena mphatso yomwe akuti yakanirira panjira ikufunika kulipiridwa. Ena amalemba ngati mwana kapena mdzukulu amene wasintha nambala ndipo ali pamavuto, ndipo masiku ano atha kutengera ngakhale mawu a munthu pogwiritsa ntchito AI, nzeru zopangidwa za makompyuta zija. Ena amapempha manambala aja asanu ndi imodzi omwe WhatsApp imatumiza pa SMS kuti alande akaunti. Anthu anzeru zawo, aphunzitsi, anamwino opuma, ndawaona akuberedwa chonchi, chifukwa wakubayo salowera ku nzeru, amalowera ku njala ya kufunsidwa kuti mwadzuka bwanji. Ngati muona mayi akubisa sikirini mukayandikira, akutchula mnzawo watsopano yemwe palibe anamuonapo, kapena ndalama zikutha mosadziwika, khalani nawo pansi mwaulemu, osawaseka kapena kuwakalipira chifukwa akachita manyazi adzabisa kwambiri. Gwirizanani lamulo limodzi losavuta pabanja, loti aliyense wopempha ndalama kapena nambala yachinsinsi pa meseji, olo atati ndi ineyo mwana wanu, muyambe mwaimba pa nambala yakale yomwe mukuidziwa.

Palinso mameseji a zaumoyo aja oti imwani chakuti musiye mapilisi a BP kapena a shuga. Kafukufuku wa Andrew Guess ndi anzake wa mu 2019 anapeza kuti pa chisankho cha ku America cha 2016, anthu opitirira zaka 65 ankagawa nkhani zabodza pa Facebook pafupifupi kasanu ndi kawiri kuposa achinyamata a zaka 18 mpaka 29. Sikuti ndi opusa ayi, anakula nthawi yomwe chinthu cholembedwa chinkakhala chitadutsa m'manja mwa akonzi. Ingofunsani mwachikondi ngati akumwabe mankhwala awo monga adokotala ananenera.

Ndiye mutani? Ine ndingayambire pa inu ana anayi, osati pa mayi. Muli anayi, sabata ili ndi masiku 7. Gawanani masiku, aliyense akhale ndi tsiku lake ndi nthawi yake yodziwika yoimba, mawu kapena vidiyo, osati meseji. Kudziwika kwa nthawiko nkofunika kuposa kutalika kwa foniyo, chifukwa munthu amene akudziwa kuti Lachiwiri 7 koloko madzulo mwana wanga wachiwiri aimba amakhala ndi choyembekezera, amasunga nkhani zoti adzanene, tsiku limakhala ndi mutu ndi mchira. Mphindi khumi zimakwana. Ku Texas nthawi ya Covid, Maninder Kahlon ndi anzake anayesa zimenezi pa anthu 240 omwe ambiri anali achikulire osatuluka m'nyumba. Achinyamata wamba omwe anangophunzitsidwa pang'ono kumvetsera ankawaimbira mafoni afupiafupi kwa masabata anayi, kuwalola kuti alankhule zomwe akufuna. Pomaliza kusungulumwa, nkhawa ndi zizindikiro za dipuleshoni zinatsika poyerekeza ndi omwe sankaimbiridwa. Amenewo anali alendo osawadziwa. Nanga mwana wobereka yekha?

Poimbapo pewani mafunso aja a ngati kalaliki, mwadya, mwamwa mankhwala, chabwino tionana. Afunseni nzeru. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo limauma ngati palibe akubweretsa moto woti uzimitsidwe. Chomwe chimapweteka anthu ambiri achikulire sikusowa owathandiza kokha, ndi kuona kuti palibenso amene akuwafuna pa chilichonse. Auzeni vuto lanu lenileni la kuntchito kapena la mwana amene sakumvera, funsani kuti inu munkatani ife tikamatero. Mdzukulu awaimbire vidiyo kuti amuthandize homuweki kapena amufotokozere mbiri ya banja, mayina a azigogo, mmene anakumanirana ndi agogo aamuna. Ndipo musaope kutchula bambo. Mabanja ambiri amasiya kutchula dzina la malemu poopa kuliza mayi, mayi nkumaona ngati aliyense waiwala kupatula iwo. Akalira pa foni musathamangire kuwatonthoza kuti basi basi, khalani nawo pa mzerepo.

Pa gulupu paja, simukuyenera kuyankha mameseji onse 20. Sankhani imodzi pa tsiku muyankhe ndi mawu enieni, bwinonso ndi voisi noti ku inbox kwawo, yotchula kuti amayi, kavidiyo kaja kandikumbutsa zakuti. Aphunzitseni nawonso kutumiza mavoisi noti ngati zala ndi maso zikuvuta, ndipo muwakulitsire zilembo pa foni. Ndaona kangapo kuti kholo likayamba kuyankhidwa chonchi zofowada zimachepa zokha popanda wina kuletsa.

Mukapita kukawaona, khalani nawo pansi ndi foniyo, iwo aigwire okha inu muzingolozera, musawalande m'manja nkuyamba kudinadina mwachangu. Onani limodzi magulupu omwe alimo, omwe amangobweretsa nkhani zoopsa ndi mikangano atulukemo kapena muwaike pa mute ngati iwo avomera. Tsekani zoti mavidiyo azingoyamba okha. Ikani two-step verification pa WhatsApp, chitetezo choonjezera choti wina asalande akaunti. Pa Facebook konzani kuti zolemba zawo azione anzawo okha. Kenako chitani chinthu chomwe ndimachiona kuti chimathandiza kuposa zonsezi, afunseni mayina a anthu atatu kapena anayi omwe amawasowa, anzawo a kusukulu, a kuntchito, achibale omwe anatayana nawo, muwasake ndipo muimbe limodzi tsiku lomwelo. Laura Carstensen wa ku Stanford anaonetsa kuti anthu akamakula amasankha dala kukhala ndi anthu ochepa koma apamtima, choncho musalimbane ndi kuwapezera mafrendi 500, atatu enieni ndi chuma. Za usiku, apempheni kuti foni izigona pa tchaja patali pang'ono ndi bedi koma poti atha kuifikira pakagwa vuto, ndipo ngati chete ndi amene amawaopsa, wailesi yoyatsa motsitsa ndi yabwino kuposa sikirini.

Koma zonsezi ndi za pa foni, ndipo inu muli kutali. Mayi akufunikanso munthu wa thupi ndi magazi amene angagogode pachitseko chenicheni. Alan Teo yemwe uja, mu kafukufuku wina wa 2015, anapeza kuti achikulire omwe ankaonana ndi abale kapena anzawo maso ndi maso katatu pa sabata anali ndi chiopsezo chochepa cha dipuleshoni kuposa omwe ankaonana nawo kamodzi pa miyezi ingapo, ndipo mafoni ndi makalata sizinkateteza mofanana ndi kuonanako. Ndiye foni igwire ntchito yokonza kukumana. Imbirani mmodzi mwa anzawo akale aja inuyo, mumuuze mosabisa kuti mayi akusungulumwa koma sanganene okha, mumupemphe kuti adzawatenge ulendo woyamba. Kungowauza mayi kuti muzituluka sikuthandiza, munthu amene wakhala m'nyumba nthawi yaitali phazi loyamba limalemera, pamafunika wina womudikira pakhomo. Ngati panali gulu lomwe ankapitako, la mapemphero, loimba, loluka kapena lothandiza ena, kumeneko nkosavuta kubwererako kusiyana ndi kuyamba kwatsopano. Akakana ulendo woyamba musataye mtima, kuona maso a nkhono nkudekha.

Tsopano nthawi yopita kuchipatala. Ine ndikanakonda kuti mayi akaonedwe ndi dokotala posachedwapa olo zinthu zisanafike poipa, akayezedwe makutu, maso, BP, shuga, magazi, komanso aonenso mankhwala onse omwe akumwa poti ena amasokoneza tulo ndi mtima. Mukapite nawo wina wa inu ndipo mukanene mawu aja oti ndilibe munthu, chifukwa okha akangonena za bondo basi. Koma musadikire ngati kwa masabata awiri kapena kuposa akhala okhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, zomwe ankazikonda sizikuwasangalatsanso, sakudya, akuonda, asiya kusamba kapena kusamala m'nyumba, ayamba kumwa mowa kapena mapilisi ogonetsa. Dipuleshoni ya anthu achikulire imabisala m'madandaulo a thupi, kuphwanya, kutopa, mutu, ndipo imachizika pa msinkhu uliwonse ndi uphungu kapena mankhwala. Chisoni cha imfa chomwe patatha chaka chikadali chowawa ngati dzulo mpaka munthu kulephera kuchita za tsiku ndi tsiku nachonso chili ndi chithandizo chake kwa aphungu. Ngati akuiwala zinthu zomwe zangochitika kumene, kufunsa funso limodzi kambirimbiri, kusochera m'njira yomwe akuidziwa, kapena kulephera kuwerengera ndalama zomwe kale sankavutika nazo, pemphani kuti awayeze za kukumbukira. Kusokonezeka mutu kobwera mwadzidzidzi m'maola kapena masiku ochepa ndi nkhani ya tsiku lomwelo, nthawi zambiri kumakhala matenda ena m'thupi.

Ndipo mukadzamva mawu ngati bola nditsatire bambo anu, ndine mtolo kwa inu, kapena ayamba kugawa katundu wawo ndi kutsanzika mwachilendo, afunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu, kumamupatsa mpata wolankhula. Akavomera, asakhale okha usiku umenewo, mankhwala ochuluka achotsedwe pafupi, ndipo apite kuchipatala mwachangu.

Achimwene aja musakangane nawo. Nawonso akuona kuti mayi sali bwino ndipo akufuna chinthu chimodzi chogwirika choti achichotse vuto lithe, ndi chikondi chomwecho. Awerengereni yankho lino, kenako muwapemphe kuti asankhe tsiku lawo loimba, ndipo mugwirizane kuti muyese kwa miyezi iwiri muone ngati mayi azipezekabe online 2 koloko usiku. Inuyo imbani lero, pa vidiyo ngati netiweki ikulola, ndipo muyambe ndi kuwauza kuti amayi, mawu aja munanena sabata yatha ndinawamva, tandiuzani zambiri.